Bandulo sakukuberani, mukuidya nokha

Abale ndatopa kumva anthu akudandaula kuti bandulo ikumatha msanga pomwe foni yawo imangotsitsa chilichonse chagwa mmagulupu a WhatsApp, mavidiyo a ukwati wa munthu osamudziwa, nyimbo za kwaya, timaluwa ta good morning tomwe azakhali amatumiza 5 koloko mmawa, zonsezo zikulowa zokha inu muli mtulo.

Pa WhatsApp lowani mu Settings, pitani pa Storage and data, pomwe alemba media auto-download pa mobile data paja chotsani tiki pa photos, audio, videos ndi documents. Basi. Chomwe mukufuna kuona muzidina nokha. Pa Facebook zimitsani autoplay kuti mavidiyo asamangoyamba okha. TikTok nayo ili ndi Data Saver koma kunena zoona imeneija ndi dzenje, ngakhale muyatse chani mukakhala pamenepo kumangoseka mudzazindikira bandulo yapita kalekale.

China chomwe ambiri sachilabadira, ma app amadzipanga update okha ku Play Store, ikani kuti azitero pa Wi-Fi pokha. Komanso ma Tecno ndi ma itel athu otchipawa malo ndi ochepa kale, mukadzaza mavidiyo a gulupu ya mpingo, ya kumudzi, ya anzanu a ku sekondale, foni imayamba kuima ima kenako muziti yakalamba pomwe mwagula chaka chatha chomwechi.

Ndipo inu okonda kupempha hotspot, muziyamba mwazimitsa ma update anuwo kaye chonde, bandulo ya sabata isamathe pa mphindi khumi chifukwa cha inu.