Mmene ndinasamalira ndi kupachika chofunda cha zigamba cha agogo

Chofunda cha zigamba chimene agogo anga akazi anasoka zaka za m'ma 1970 tsopano chili pakhoma la pabalaza, ndipo ndikulemba izi mtima utakhala pansi, ngakhale kuti ndikakumbukira zimene ndinaona kwa okonza mafelemu ndimapsabe mtima. Agogo anali a Chigwirizano cha amayi mu mpingo wa CCAP kufupi ndi Nkhoma, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kulumikiza tizidutswa ta nsalu totsala kwa atelala. M'chofundamo muli zidutswa za zitenje za ku David Whitehead, muli biriwita, mulinso kachigamba ka chitenje cha nkhope ya Kamuzu komwe kakungoonetsa diso limodzi ndi kolala ya suti. Mkati anaikamo bulangete lakale, motero chofundacho n'cholemera kwambiri, ndipo kulemerako ndiko kumang'amba misoko munthu akachipachika mosasamala.

Titachitulutsa mu thiranki chinkanunkha chuku, ndipo njenjete zinali zitaboola mbali imodzi. Aliyense pakhomo ankati tichinyike m'beseni la sopo waufa, koma ine ndinayamba ndayesa mitundu yake. Ndinanyowetsa kansalu koyera n'kukadinda pa chigamba chofiira kwa kanthawi, ndipo nditakachotsa kanali katatenga mtundu. Chikanalowa m'madzi, kufiira kumeneko kukanayenderera pa zigamba zoyera zonse, komanso bulangete la mkati likanamwa madzi n'kuthothola ulusi umene wafooka kale. Fumbi ndinalichotsa pochiyala patebulo, kuchiphimba ndi neti ya udzudzu, n'kumadutsitsa makina okoka fumbi pamwamba pa netiyo mphamvu yake nditaichepetsa. Fungo linatha pochiyala pamthunzi mwezi wa Ogasiti, pamene mpweya umakhala wouma. Musachiyanike padzuwa kapena kuchikoleka pachingwe, chifukwa dzuwa limasulutsa mitundu ndipo chingwe chimakoka misoko malo amodzi.

Njenjete zimasiya mazira osaoneka ndi maso, choncho ndinachikulunga m'bafuta, kuchiika m'jumbo yaikulu, kufinya mpweya wonse, kumanga zolimba, n'kuchisiya mufiriji youmitsa nyama kwa sabata yathunthu. Kuzizira kumafunika kufika pafupifupi madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali ndi bwino kuyambiranso kuwerenga masiku. Mukachitulutsa musamasule jumboyo mpaka tsiku lotsatira, kuti chinyezi chikhale kunja kwa pulasitiki, chisalowe mu nsalu.

Kumene ndinataya ndalama ndi nthawi ndi kushopu ina yokonza mafelemu mu mzinda wa Lilongwe. Ndinkaganiza zochiika m'galasi, ndipo nditafika anandiuza kuti ndilipire kaye ndalama yoti achiyeze, imene inali yokwanira kugula thumba la chimanga, kenaka ndichisiye ndidzabwerenso. Tsiku limene anandiuza ndinapempha chilolezo kuntchito, ndinafika m'mawa, koma bwana wawo kunalibe, ndipo anyamata a m'shopumo ankangoti akubwera posachedwa mpaka dzuwa linapendeka. Nditaumirira kuti ndione katundu wanga, anandilowetsa kuseri, ndipo ndinapeza chofunda cha agogo chili pansi pakati pa utuchi wa matabwa, pamwamba pake atakhazikapo kapu ya tiyi. Bwanayo atafika anafotokoza mosaopa kuti adzachimata ndi guluu pa pulayiwudi, adzachikhomerera ndi timisomali m'mbali monse, ndipo mbali imodzi adzaichepetsa ndi sizasi popeza galasi limene anali nalo linali laling'ono. Ndinati, "Bambo, mukufuna kudula chinthu chimene anasoka munthu amene anatisiya?" Iwo anayankha kuti ndi mmene amachitira ndi zitenje za alendo odzaona malo. Ndalama yoyezera anakana kubweza, ndipo pa risiti panalibe mawu alionse osonyeza kuti inali ya chiyani. Mpaka lero kapu ya tiyi ija imandiwawa kuposa ndalamayo.

Musasiye chofunda chotere m'manja mwa munthu musanamufunse mwatsatanetsatane zimene adzachite nacho. Guluu akalowa mu nsalu sachoka, misomali imachita dzimbiri nthawi ya dzinja n'kudya ulusi, ndipo matabwa osapaka kanthu amadetsa nsalu ndi madontho achikasu. Galasi lokhudzana ndi nsalu nalonso limasunga chinyezi mkati n'kubweretsanso chuku chomwe chija.

Ndisanaiwale, zokonza mabowo ndinazichita ndisanapite kushopu kuja. Azakhali anandiletsa kuchotsa zigamba zong'ambika, amvekere, "Mwananga, ulusi wa amayi usaumasule ngakhale umodzi," ndipo ananena zoona. Pamalo pobooka tinayalapo kansalu kopyapyala konga neti n'kukasokerera ndi singano yaing'ono pamanja, kuti chigamba chakale chizionekabe koma chisapitirire kunyenyeka. Makina osokera musawayandikitse, chifukwa amaboola timabowo tambiri mondondozana ndipo nsalu yakale imang'ambikira pomwepo. Azakhali omwewo ndi amene anandiuza mwini wake wa chitenje chilichonse, ndipo ndinalemba dzina la agogo, mudzi wawo ndi zaka zimene anasoka pa kachidutswa ka bafuta, inki itauma n'kukasokera kumbuyo. Zimenezi chitani akuluakulu adakali moyo.

Njira imene inathandiza pomaliza inali yotsika mtengo kuposa zonse. Ndinagula bafuta, kumuchapa mobwerezabwereza kuti sitachi achoke, n'kusoka kathumba kotseguka mbali zonse ziwiri, ka masentimita 10 m'lifupi, kotalika mofanana ndi chofundacho. Kathumbako tinakasokerera pamanja kumbuyo, m'mphepete mwa kumtunda, singano ikudutsa mpaka mu bulangete la mkati kuti kulemera kusatsamire pa nsalu yakumbuyo yokha. Kalipentala wa kwathu anandikonzera ndodo yosalala, anaipaka vanishi, ndipo ndinadikira kuti iume mpaka fungo litatheratu ndisanailowetse m'kathumbamo. Motero chofundacho chimalendewera mofanana kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, popanda msomali kapena guluu kuchikhudza.

Khoma ndinasankha lamkati mwa nyumba, losayang'anizana ndi windo, lotalikirana ndi utsi wa mbaula, ndipo ndinasiya kampata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Makoma akunja amachita thukuta mvula ikayamba, komanso chiswe chimakonda kukwera m'menemo. Chofundacho sichikhala pakhoma chaka chonse: mvula ikamayandikira mu Novembala ndimachitsitsa, ndimachikulunga m'bafuta mochita kupiringiza m'malo mopinda, ndipo ndimachiika pamwamba pa wadilopu kufikira Meyi. Nyuzipepala, makatoni ndi majumbo sizoyenera kusungiramo nthawi yaitali, ndipo timibulu tonunkha tothamangitsa njenjete sindimatiika chifukwa fungo lake ndi loipa kupuma ndipo limakakamira mu nsalu. Kamodzi pamwezi ndimachifunyulula n'kuyang'ana m'misoko ngati muli tizilombo. Wina akadzakuuzani kuti adzachiika m'felemu, mufunseni kaye za guluu ndi misomali, ndipo ndalama yoyezera musalipire asanalembe pa risiti zimene mwagwirizana.