Tsiku limene ndinataya chifukwa cha mankhwala a shuga

Lero ndatenga mankhwala anga n'kufika pakhomo dzuwa likadali pamutu, ndiye ndati ndilembe mtima ukadali m'malo, kuti wina amene angomupeza ndi shuga asazunzike ngati ine.

Ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu. Chaka chatha ndinkakodza usiku wonse, ludzu losatha, thupi kumangotha. Atandiyeza m'mawa ndisanadye, kamakina koyezera shuga kanaonetsa 240. Adokotala anati munthu asanadye, shuga akafika 126 kapena kupitirira, ndiye kuti pali vuto. Anandilembera metformin wa 500mg.

Za mzere ndi buku la kuchipatala mukuzidziwa kale. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti metformin amamwera pa chakudya. Pawindo anangoti "kawiri pa tsiku," basi, wotsatira. Ine ndinkamwa mbandakucha ndi madzi okha n'kuthamangira kumsika. Kutsegula m'mimba kwake! Mseru, m'kamwa ngati ndanyambita chitsulo, makasitomala kumawasiya pa mulu wa mbatatesi n'kumathamangira kuchimbudzi. Mankhwalawo ndinawasiya masiku asanu, ndipo pamenepo ndinalakwitsa. Nesi wina ndiye anandikhazika pansi: "Mayi, mukanabwera msanga. Yambani ndi piritsi limodzi, muzimwa mukudya nsima, thupi likazolowera tiwonjezera." Patatha milungu iwiri m'mimba munakhala bata.

Koma tsiku limene limandiwawabe ndi la mu June. Shuga anali asanatsike bwino, ndiye anali atandiwonjezera mankhwala ena otchedwa glibenclamide. Anati ndibwere osadya kuti adzandiyeze. Palibe anandiuza chochita ndi mapiritsi m'mawa umenewo, ine ndinangomwa monga mwa masiku onse. Ndinakwera minibasi kudakali mdima, chisanu chakuno chikulasa mpaka m'mafupa. Tinakhala pabenchi anthu ambiri, ena agogo ochokera kutali, tonse m'mimba mulibe kanthu. 8 koloko, 9, 10, zii. Itakwana 11 ndi pamene wina anatuluka n'kunena kuti timapepala toyezera shuga tinatha dzulo. Dzulo! Akanatiuza 7 koloko bwenzi tonse titadya. Anthu a shuga kuwasunga ndi njala mpaka masana kuli ngati kusewera ndi moyo wawo.

Ndikuti ndiimirire, manja njenjenje, thukuta kamukamu pa chisanu chonsecho, maso kuchita chidima. Mayi amene tinayandikana anatulutsa maswiti m'kachikwama nati, "Tafunani msanga anzanga, shuga watsika uyo." Anandipatsanso chigumu. Pambuyo pake ndinamva kuti glibenclamide amatsitsa shuga kaya wadya kaya sunadye, pamene metformin payekha satsitsa choncho kawirikawiri. Ndalama yoyendera inapita, malonda a tsikulo anapita, kabichi anafota, osayezedwa n'komwe. Tsopano tsiku loyezetsa ndimanyamula mapiritsi ndi kamba, ndimamwa akandiyeza ndipo ndadya. Funsani adokotala anu zimenezi musanatuluke m'chipinda, musachite manyazi.

Ndatsala pang'ono kuiwala za impso. Metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye zikafooka mankhwalawa amaunjikana n'kukhala oopsa. Pemphani akuyezeni magazi a impso, mwina kamodzi pa chaka. N'chifukwa chakenso mukadwala kwambiri, kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi, musakakamire kumwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuuzeni chochita. Azibambo a kachasu, mowa wambiri ndi metformin sizigwirizana ngakhale pang'ono.

Mukaiwala kumwa, musaphatikize mapiritsi a m'mawa ndi a madzulo. Ndipo aja oyenda ndi mabotolo pamsika, amati shuga amatha sabata imodzi, mwana wanga anandiletsa: "Amayi, mukasiya mapiritsi chifukwa cha zimenezi tidzakunyamulani." Sindinagule.

Ndibwerezenso: musamwe m'mimba mulibe kanthu. Ine ndimaika paketi pafupi ndi mbale, nsima ya mgaiwa mtanda umodzi, masamba ambiri, piritsi pakati pa kudya. Maswiti atatu amakhala pa mfundo ya chitenje. Lero kamakina kaonetsa 118, timapepala tinalipo, ndipo anandilembera tsiku lobweranso.