Sabata ino inali ya mabuleki

Njinga zambiri zimene zinafika pamalo anga ogwirira ntchito sabata ino zinabwera ndi dandaulo limodzi: buleki siikugwira. Mvula ikayamba zimakhala choncho. Chimene chimandikhudza n'chakuti pafupifupi aliyense amafika atagamula kale kuti akufuna buleki yatsopano yathunthu, ena mpaka kufunsa ngati n'zotheka kuwaikira ya disiki. Choncho mbali yaikulu ya ntchito yanga inali kuwaletsa kugula zinthu zosafunikira, chifukwa buleki yogwira pa rimu, ngakhale yotchipa, imaimitsa njinga bwinobwino ngati mphamvu ya dzanja ikufika yonse pa rimupo. Vuto n'lakuti mphamvuyo imatayika m'njira.

Lolemba kunabwera bambo wina ndi njinga ya V-brake, buleki ya mikono iwiri italiitali yofinya rimu uku ndi uku. Nditafinya liva, inakagunda handulo wilo likuyendabe. Ndinapaka chala pa rimu, chala chinabwerako chili bii. Phala lakuda limenelo ndi fumbi, mphira yoperepeseka ndi aluminiyamu wa rimu yemweyo, ndipo madzi akalowapo limaterera kwambiri. Ndinachotsa mphira za buleki n'kuwaonetsa. Zinali zikunyezimira, zitauma pamwamba chifukwa cha kutentha, ndipo mkati mwake munalowa tizidutswa ta aluminiyamu, towala ngati mamba a nsomba. Timeneti ndi timene timalira kuti kwee mukagwira buleki, ndiponso ndi timene timadya rimu.

"Ndiye tigule zina?" anafunsa.

"Ayi bambo, izi zikadali ndi mnofu. Onani mizere iyi sinafufutike."

Ndinatokosa tizidutswato ndi nsonga ya singano kamodzikamodzi, kenako ndinayala sandipepa pathebulo n'kukhula mphirazo mpaka kunyezimira kuja kutatha, mtundu weniweni wa mphira utaonekera. Rimu ndinaitsuka ndi madzi a sopo, n'kumalizira ndi kansalu ka sipiriti, mbali zonse ziwiri, mpaka kansaluko katasiya kuda. Ndinakoka waya pang'ono kuti mpata wa pakati pa mphira ndi rimu utsale mamilimita 1 kapena 2. Atayesa panja, wilo lakumbuyo linakhula pansi. Sanagule kanthu.

Lachiwiri ndi limene linandidyera nthawi, ndipo nkhani yake ndi ya waya. Anthu amayang'ana mphira chifukwa zili poonekera, koma waya wa buleki amadutsa m'chimake chake, kapaipi kakuda kaja, ndipo zimene zikuchitika mkatimo palibe amaziona. Madzi amalowa, dzimbiri limagwira, ndiye dzanja limalimbana ndi dzimbirilo m'malo molimbana ndi wilo. Kuyesa kwake n'kosavuta: finyani liva n'kuisiya. Ikabwerera mwaulesi, kapena mukamva ngati muli mchenga, vuto lili mu waya. Njinga ya mayi wina inali choncho. Nditamasula waya, anatuluka ali wofiira, timinga tina titaduka pafupi ndi mutu wake pa liva, malo amene waya amakonda kudukira mosachenjeza.

Koma chimene chinandiopsa chinali chimake. Amene anakonza njingayi kale anaika chimake cha magiya pa buleki. Kunja zimaoneka zofanana, koma mkati n'zosiyana. Cha buleki chili ndi chitsulo chopota mozungulira ngati sipiringi, ndipo chimapirira mukafinya ndi mphamvu zonse. Cha magiya chili ndi timawaya toyenda chautali, togwiridwa ndi pulasitiki yokha, ndipo pa buleki chikhoza kuphulika nthawi imene mukufunitsitsa kuima. Wayanso ndi wosiyana: wa buleki ndi wonenepa, mamilimita 1.5 kapena 1.6, pamene wa magiya ndi 1.1 kapena 1.2. Ndinawauza mayiwo kuti apa pokha asaumire, waya ndi chimake chake zisinthidwe lero lomwe.

Poika chatsopano pali tinthu timene ambiri amadumpha. Mukadula chimake, kumapeto kwake kumaphwanyika, ndipo pamatsala kachitsulo kosongoka kotsekereza bowo. Ine ndimapala ndi tupa mpaka pakhale fulati, n'kutsegula bowolo ndi msomali wosongoka, kenako ndiye kuveka kachipewa kachitsulo ka kumapeto kwa chimake. Kumapetoko kukakhala kopendama, chimake chimayamba chapindika chisanakoke buleki, ndipo liva imamveka yofewa ngakhale zonse zili zatsopano. Utali wake nawo: chikatalika kwambiri chimangopotoka, chikafupika chimakoka buleki mukakhotetsa handulo. Amene angakwanitse, agule waya wosachita dzimbiri ndi chimake chokhala ndi pulasitiki mkati. Pa ndalama zonse zimene munthu angaike pa buleki ya rimu, zimenezi ndi zimene ndimaona kuti zimabweza kwambiri.

Lachitatu mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anandiitana. "Bwana, bwerani mudzanunkhize rimu iyi." Inali ndi oilo. Mwini wake, mwana wasukulu, anatopa ndi kulira kwa buleki ndiye anadonthezera oilo kuti isiye phokoso. Inasiyadi, pamodzi ndi kugwira komwe. Sindinamukalipire, chifukwa palibe anamuuzapo, koma mtima unandipweteka poganiza kuti wakhala akutsika zitunda pa njinga imeneyi. Mphira ikamwa oilo sitsukika, timataya. Rimu tinaitsuka mobwerezabwereza.

Kulirako kuli ndi mankhwala ake aulere. Buleki imalira chifukwa mphira ikunjenjemera pa rimu, ndipo imasiya mukaimanga mopendeka pang'ono kuti mbali yakutsogolo iyambe kukhudza rimu, yakumbuyo itatsala ndi kampata kosapitirira milimita imodzi. Ndinamuonetsa mnyamatayo mmene ndimachitira: kumasula nati pang'ono, kulowetsa kakatoni kopyapyala pakati pa rimu ndi mbali yakumbuyo ya mphira, kufinya liva, n'kumanga natiyo liva ili chifinyire. Mphira ikhale pakati pa khoma la rimu. Ikakwera imadya tayala mpaka chubu kuphulika, ikatsika imapanga mlomo pansi pake ndipo tsiku lina ikhoza kulowa m'masipoko. Ndinamuonetsanso mawashala aja a pa mphira za V-brake, wina wonenepa wina wopyapyala. Mukhoza kuwasinthanitsa malo kuti mikono ya buleki iime chilili pamene mphira yakhudza rimu. Ambiri amangowabweza mmene anawapezera, osadziwa kuti anaikidwa awiri osiyana dala. Mbali imodzi ikamakhula rimu pamene inayo ili patali, si nkhani yopinda chitsulo ndi pulayala. Pansi pa mkono uliwonse pali kasikuruwu kolimbitsira sipiringi, ndipo kupotoza pang'ono kumakwana.

Lachinayi kunabwera mnyamata amene anali atawononga kale ndalama. Anachotsa mabuleki akale a cantilever, a mikono ifupiifupi yokokedwa ndi kawaya kopingasa, n'kuika V-brake zatsopano, koma maliva anasiya akale omwe aja. Zinthu zinaipiraipira. V-brake, imene kampani ya Shimano inaitchukitsa m'ma 1990, ili ndi mikono italiitali ndipo imafuna liva yokoka waya wambiri. Liva ya cantilever imakoka waya wochepa, ndiye pa V-brake imafika pa handulo ntchito isanathe, pokhapokha mphira mutaziyandikizitsa mpaka kumakhula rimu. Mukatembenuza, liva ya V-brake pa cantilever, imamveka yolimba bwino m'manja koma njinga siima. Mwamwayi mabuleki akale anali atabwera nawo m'chikwama, ndipo analibe vuto lina koma girisi wouma pa mapivoti, pamene mikono ya buleki imazungulira. Ndinamupatsa kusankha: agule maliva oyenera, kapena tibwezere akale titawatsuka. Anasankha kubwezera.

Lachisanu ndinathera pa masipoko. Wilo lopindika limakakamiza munthu kumasula buleki kuti isakhule, ndipo buleki yomasuka siigwira. Kuwongola kumafuna kuleza mtima basi, kota ya mpotozo pa kanati ka sipoko, kuzunguza wilo, kuyang'ana, kubwerezanso. Panabweranso njinga yakale ya marimu achitsulo onyezimira. Amenewa ndimanena zoona: pouma amagwira, pamvula amaterera, ndipo ngakhale mutatsuka chotani safanana ndi a aluminiyamu. Mphira zokhala ndi chikopa zimathandizako. Ndinalangiza agogo eni ake kuti pamvula aziyamba kugwira buleki akadali patali, kuti mphira iyambe yapukuta madzi, komanso asamaope buleki yakutsogolo. Poima, kulemera kumapita kutsogolo, ndipo wilo lakutsogolo ndi limene lili ndi mphamvu yambiri yoimitsa, bola kufinya pang'onopang'ono thupi lili kumbuyo.

Loweruka ndinakana ntchito. Bambo wina amene amanyamula katundu wolemera pa njinga yake anafuna mphira zatsopano zokha. Nditagoneka chitsulo chowongoka pa khoma la rimu yakumbuyo, pakati panaoneka kuwala, khomalo litakumbika. Kamzere kamene opanga amaika posonyeza kutha kwa rimu kanali katafufutika kale, ndipo m'mphepete munali mutayamba kutambasuka chifukwa cha mpweya wa m'tayala. Rimu yotere imang'ambika mwadzidzidzi, ndipo mphira zatsopano zogwira bwino zingangofulumizitsa zimenezo.

"Achimwene, ingondiikirani, ndidzasintha mwezi wamawa," anatero.

Ndinawagwiritsa chala chawo pa khomalo kuti amve okha mmene lalowera. Ndinawauza kuti habu ndi masipoko awo n'zabwino, tingogula rimu yokha ya saizi yomweyo, ine ndisamutsire masipoko limodzilimodzi, rimu yatsopano nditaimangirira pambali pa yakaleyo. Anakhala chete kwa kanthawi, akuwerengera m'mutu ndalama ndi masiku amene akhale osagwira ntchito. Kenako anatsitsa katundu wawo n'kusiya njingayo. Ndinaphwetsa tayala nthawi yomweyo, ndipo rimu ifika Lolemba.