Kamnyamata kanga kamakwera chilichonse, koma sindikaletsa zonse

Amene muli ndi ana a zaka ziwiri zitatu mundimvetsa. Kanga kuno ku Chitakale ku Mulanje mantha sikawadziwa, kakaona mpando kakwera, kuchoka pampando kali patebulo, patebulo kakufuna windo, ndiye ukati tsika kamayamba kakuseka kaye kenako nkudumpha. Apongozi anga amati ndizingomubereka mpaka nzeru zibwere, eti mwana wokula akuyang'ana phiri tsiku ndi tsiku amafuna kulikwera. Ine ndimati ayi amayi, pansonga ya phirilo pa Sapitwa paja ndi mamita 3,002, ayambire pakhonde pompano.

Kumubereka tsiku lonse sikungatheke, komanso sikwabwino. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 ananena kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azisewera moyendayenda ndi kuthamanga mphindi zosachepera 180 patsiku, ndipo asamangidwe pamalo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, kumsana komwe akuwerengera. Nde ine ndinangosiyanitsa basi, pali zosupula bondo ndipo pali zopha. Zosupula bondo ndimamusiya.

Madzi ndiye ndimaopa kwambiri. Anthu timaganiza za mitsinje ngati Ruo kapena Likhubula, koma ndowa yomwe mwasiya kuseri mutachapa ija ndi yokwanira, mwana msinkhu uwu mutu umalemera kuposa thupi, akasuzumira nkugwera chamutu sangadzuke yekha ndipo sakuwa ayi, zimachitika mwakachetechete inu muli pafoni pompo. Ndowa ndikamaliza ndimataya madzi nkuivundikira, diramu lili ndi chivindikiro cholemera, chimbudzi chokumba chili ndi loko pamwamba. Mvula ya kuno mukuidziwa, maenje a njerwa amadzadza usiku umodzi, komanso chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mitsinje ina inasintha njira, malo omwe kale tinkadutsa bwinobwino pano pali zigwembe ndi miyala. Ku Dziwe la Nkhalamba adzapita akakula, miyala yake ndi yoterera zedi.

Mbaula ili pakona yotchinga, chogwirira cha poto chimayang'ana kukhoma. Akapsa, madzi ozizira mphindi 20 kenako kuchipatala, osati Colgate, dzira kapena mafuta ophikira chonde abale. Palafini musaike mu botolo la Fanta, ndipo akamwa musamusanzitse chifukwa amalowa m'mapapo, thamangani naye basi. Geti limakhala lotseka, a kabaza ndi mathirakitala a tiyi sangamuone munthu wamfupi chonchi.

Zotsalazo ndi zake. Abambo ake anabweretsa matayala akale awiri ndi mchenga, pali chitsa cha mango, pali masitepe a pakhonde. Lamulo langa ndi loti sindimukweza pomwe sangakwere yekha, akalira kuti ndimuike panthambi ya peyala ndimakana, akafika yekha ndiye kuti akhozanso kutsika. Kutsikako nkumene ndinamuphunzitsa, chafutambuyo, mimba pansi, miyendo kaye. Mutamuona mungaseke, lilime kunja, kachala kakuphazi kakufufuza sitepe mmwamba mwamba mpaka kaigunda, kenako amadziombera yekha m'manja.

Mawu oti "ugwa!" kwathu ndinawachepetsa, amangomudzidzimutsa ali pamwamba. Ndimaima pafupi nkumati gwira apa, ponda apo. Msuweni wake wa sitandade 3 amasewera naye inde koma simlezi, naye ndi mwana, mpira ukadutsa waiwala zonse.

Kugwa amagwa ndithu, zipsera m'mawondo zilipo zambiri, timatsuka ndi sopo nkupitiriza. Koma akamenyetsa mutu ndimamuyang'anira tsiku lonse ndi usiku womwe, akayamba kusanza mobwereza, kugona kosadzutsika, kuyenda modzandira kapena kukomoka, pamenepo sitidikira kuti kuche, kabaza yemweyo timuimbira kuti atithamangitsire kuchipatala ku boma.