Denga la Giredi 8 linachoka Lachitatu

Sabata yatha ndinali kuphunzitsa ana a Giredi 8 za kupanikiza kwa mpweya pa sukulu yathu, imene ili kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata. Lolemba ndinadzaza kapu ndi madzi, ndinaivundikira ndi kakatoni ndi kuizondotsa, ndipo madzi atakana kutayika ana ena anafuula kuti ndi matsenga. Ndinawauza kuti mpweya umene timauyesa wopanda kanthu umakankha ndi mphamvu yonga ya kilogalamu imodzi pa malo aang'ono ngati chikhadabo. Lachiwiri ndinajambula barometer, chipangizo choyezera kupanikiza kwa mpweya, pa bolodi chifukwa sukulu yathu ilibe ngakhale imodzi, chonsecho wasayansi Torricelli anaipanga kalekale m'chaka cha 1643.

Lachitatu kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kuja kumene akuluakulu amati kukuitana mvula. Cha m'ma 2 koloko masana mitambo yakuda inaunjikana cha ku Mchinji, ndipo ine ndinali pakati pofotokoza kuti mpweya wotentha ukakwera kumwamba, pansi pamatsala kupanikiza kochepa, motero mpweya wa m'mbali umathamangira pamenepo, ndiyo mphepo imene timaimva. Ndisanamalize, mphepo yozizira yotsika mu mtambo wa mabingu inalowa ndi fumbi pa mawindo athu opanda magalasi. Malata anayamba kulira ndi kudumphadumpha. Ndinalamula ana onse kuti alowe pansi pa madesiki, ndipo posakhalitsa theka la denga linanyamuka pamodzi ndi mapaso ake, n'kukagwera m'munda wa chimanga kuseri kwa zimbudzi. Mtsikana mmodzi anachekedwa pa mkono ndi chidutswa cha lata, ndipo tinamumanga ndi chitenje chifukwa m'bokosi la mankhwala munali thonje lokha.

Chimene chinachitikacho ndimachiphunzitsa chaka ndi chaka. Mphepo yothamanga pamwamba pa malata imachepetsa kupanikiza pamenepo, pamene mpweya wodzaza m'kalasi umakankha kuchokera pansi, ndiye denga limangodalira misomali ndi mapaso. Mapaso athuwo chiswe chinawadya kale, ndipo ine ndi ahedi tinalemba makalata awiri odandaula mvula isanayambe, koma sitinayankhidwe.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi bwana amene anabwera Lachinayi kudzaona. Anaima pakhomo manja kumbuyo nanena kuti iyi ndi ngozi ya chilengedwe monga Freddy, yoti munthu sangailetse. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bwana, Freddy anali namondwe wobadwira pa madzi ofunda a nyanja ya Indian Ocean, amene anatha mwezi wathunthu ndi masiku ena asanazilale, ndipo mu Malichi 2023 anagumula mapiri ku Blantyre. Yathuyi inali mphepo ya mvula ya mabingu imene sinathe ndi theka la ola lomwe, ndipo kalasi yoyandikana nayo, imene makolo anaikonza ndi mapaso atsopano, sinataye lata ngakhale limodzi." Iwo analemba zina m'kabuku kawo, nalonjeza kuti nkhaniyi aipereka kumene ikuyenera.

Lachisanu tinaphunzira pansi pa mtengo wa mango, mabuku onyowa titawayanika pa udzu. Mayeso a mutu umenewu ndawasunthira sabata ya mawa, ndipo mtsikana uja wabwerera ndi bandeji ya ku chipatala.