Kukamwaza phulusa la malemu pa nyanja ku Senga Bay

Banja likabwera kwa ine kuti ndilithandize kukamwaza pa nyanja phulusa la m'bale wawo, kawirikawiri amene adamwalirira ku Joni kapena ku Ulaya nkutenthedwa konko, sindithamangira kufunafuna boti. Ndimayamba ndafunsa ngati eni mbumba adagwirizana nazo. Kutentha maliro si mwambo wathu, ndipo malume akadzatulukira mawa nkufunsa manda, phulusa lomwe lalowa m'madzi simungalitolenso. Ena amagawa pawiri, lina nkukaika kumudzi. Kenaka ndimaona zikalata ziwiri: ya imfa ndi yochokera komwe adatenthera mtembo. Ziyende nafe, chifukwa wina akafunsa zomwe zili m'bokosimo pakamwa pokha sipakwana.

Tikatero ndimapita nawo kwa amfumu a pagombelo ndi kwa a komiti ya BVC, yomwe imayang'anira za usodzi pagombepo. Apa musadumphe. Nyanjayi anthu amatungamo madzi, amachapamo, amaphamo usipa, ndipo kuno Asilamu ndi ambiri, omwe chipembedzo chawo sichilola kutentha maliro. Anthu akangoona alendo akukhuthula zinthu m'madzi mwakabisira, mbiri imamveka yoti ndi zamankhwala. Amfumu akadziwa, nkhani yatha.

Boti likhale lamatabwa la injini, osati bwato. Mwini wake anene yekha chiwerengero cha anthu omwe limanyamula, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa asanakwere. Mtengo ndi mafuta opita nkubwera timapangana dzulo lake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera, ndipo umatha kukhala masiku angapo osaleka. Nthawi ya dzinja mpoto umadzidzimutsa pamodzi ndi mvula. Ndimamvetsera chenjezo la a zanyengo pa wailesi, komanso ndimafunsa asodzi. Akati lero ayi, ndiye kuti ayi, ngakhale ndege ya alendo ikhale ikunyamuka mawa. Timanyamuka cha m'ma 7 koloko, asodzi ausiku atakocheza kale, madzi akadali bata. Timapitirira chilumba cha Namalenje mpaka anthu a pagombe asamaonekenso bwino, kutali ndi pomwe pali maukonde. Ku zilumba za Maleri sindipitako, chifukwa zili m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park.

Phulusa lenilenilo ambiri limawadabwitsa. Si lofewa ngati la pamoto. Ndi mafupa operedwa, okhakhala ngati mchenga, ndipo la munthu wamkulu limalemera makilogalamu awiri kapena atatu. Limakhala m'jumbo yomangidwa zolimba mkati mwa bokosi, choncho bokosilo timatsegulira kumtunda, sizasi nkuika m'thumba. Kulimbana ndi zomangira boti likugwedera kumangotayitsa phulusa m'miyendo mwa anthu.

Tikafika, woyendetsa amazimitsa injini, ine nkuponya tsamba m'madzi kapena kukweza kansalu kuti ndione kolowera mphepo. Wokhuthula amakhala mbali yomwe mphepo ikupita, ikumuwomba kumsana, ena onse kumbuyo kwake. Asaimirire. Agwade, wina amugwire lamba, jumbo itsike mpaka pafupifupi kukhudza madzi, ndipo athire pang'onopang'ono. Akamwaza m'mwamba, fumbi lopepukalo limabwerera m'maso ndi m'zovala za olira. Zolemerazo zimamira nthawi yomweyo, zotsalazo zimayera pamadzi kwa mphindi zingapo. Enanso asathamangire mbali imodzi kukasuzumira, boti limapendeka. Manja onyowa phulusa limakakamira, nchifukwa chake ndimanyamula botolo la madzi osambitsira m'manja ndi kutsukuluzira jumboyo.

Ena amafuna kumiza chotengera chonse. Pamenepo ndimawauza apeze kamphika kadothi kosawotcha, komwe kamasungunuka. Bokosi lathabwa kapena lapulasitiki lotsekedwa limasunga mpweya, limayandama, ndipo mafunde amakalitula pagombe pomwe ana akusambira. Nkhata zamaluwa nazo tizichotsa waya ndi maliboni, m'madzi mupite maluwa okha. Jumbo ndi bokosi timabwerera nazo.

Pemphero ndi nyimbo zikhale zazifupi, chifukwa boti likaima anthu osazolowera amayamba nseru. Tisanalize injini, mmodzi asunge malowo pa GPS ya foni kuti abale omwe sadabwere adzathe kufikapo. Pobwerera woyendetsa azungulire patali, asadutse pomwe tathirapo, ndipo tikhale titakocheza dzuwa lisanafike pamutu.