Ndafika gawo 16 la Evangelion pa Blu-ray

Ndikupitirizabe kuonera katuni wa ku Japan Neon Genesis Evangelion, seti ya ku UK yomwe kampani ya Anime Limited inatulutsa mu 2021. Ndinasankha imeneyi chifukwa ndi ya Region B, chigawo chomwe Africa ilimo, ndiye ikuseweredwa popanda vuto pa pleya yanga.

Magawo 15 oyamba andikhutiritsa kwambiri. Katuniyu anayamba kuonetsedwa pa TV Tokyo mu Okutobala 1995. Ankamujambula pamanja pa timapepala tapulasitiki toonekera, kenako n'kutola zithunzizo pa filimu ya 16mm. Pokonzanso zithunzi za pa Blu-ray anabwerera ku filimu imeneyo, ndipo timadontho tachibadwa ta filimuyo sanatichotse. Mukayang'anitsitsa thambo la pamwamba pa Tokyo-3, mzinda wa m'katuniyu, timaoneka tikunyanyuka pang'onopang'ono. Ena timawanyansa, koma ine ndimatifuna, chifukwa akatifufuta ndi kompyuta, mizere yopyapyala ya m'nkhope imapita nawo limodzi. Chithunzi anachisiyanso pa 4:3, m'mbali mwa TV muli mwakuda, osadula pamwamba ndi pansi kuti chidzaze sikirini.

Tsono gawo 16. Filimu yake yoyambirira inatayika, ndipo diso limadziwa pompo. Mizere yomwe m'gawo 15 inali yakuthwa pano yafewa, mitundu yazilala pang'ono. Chimpira chamizeremizere yakuda ndi yoyera, mdani wa m'gawoli, chikamayandama pamwamba pa mzinda, mphepete mwa mizere yake simuduka bwino ayi. Zinandiwawa, chifukwa gawoli ndi limodzi mwa omwe ndimawakonda zedi: mnyamata Shinji wamezedwa ndi chithunzithunzi cha chimpiracho, mphamvu ya Eva, chimakina chankhondo chomwe amayendetsa, ikutha, ndipo m'maganizo mwake ali m'sitima kukambirana ndi mtima wake. Komabe ndi bwino kuti analiika monga momwe lilili. Kulipaka mafuta ndi kompyuta sikukanabweza chomwe chinatayika, kukanangolibisa.

Pa zowonjezera, ndayamba ndi ma animatic, zojambula zoyamba zosapaka utoto zomwe amazilumikiza pofuna kuyesa kutalika kwa chochitika chilichonse. Ndimaonera kachigawo kamodzi, kenako ndimabwerera ku gawo lenileni kufananiza. Apa m'pamene ndaona kuti chithunzi chikaima nthawi yaitali osasuntha, nthawiyo inayezedwa kale. Zotsatsa malonda za pa TV ndangozidutsa.

Chomwe ndikuchisowa ndi nyimbo yotsekera, Fly Me to the Moon. Mulibe m'setiyi, monganso pa Netflix kunja kwa Japan kuyambira 2019, ndipo m'malo mwake mukulira piyano. Amene akufuna mawu a Chingerezi akale a kampani ya ADV adziwe kuti ali m'maseti odula okha, a Collector's ndi Ultimate. Seti wamba ili ndi atsopano. Ine ndikuonera m'Chijapani.

Ndatsala ndi magawo khumi, kenako filimu ya The End of Evangelion ya 1997, yomwe ili m'bokosi lomweli.